Mng'alu wa Pachiliza cha Agogo

Ndikukumbukira fungo la bokosi limene adadi anapezamo manda a Rakele. Linali fungo la mapepala amene ananyowapo kalekale n'kuumanso, lija limakulonjera ukatsegula sutikesi yokhalitsa pansi pa bedi. Linali Loweruka m'mawa, kumsika wa ku Fremantle. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tinali titakhala ku Perth, mzinda wa kunja umene uli pafupi ndi msikawo, zaka ziwiri zokha. Amayi ndiwo anatithamangitsa m'nyumba tsiku limenelo. Anati atopa kuona adadi atakhala pasofa ngati katundu wosungitsa, ndiye tikwere sitima tikawombedwe mphepo ya kunyanja.

Adadi anali ndi chifukwa chokhalira choncho. Agogo, mayi awo, anali atamwalira chaka chapitacho kwathu ku Dedza, ndipo iwo kumaliro sanapite. Mapepala athu okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo anatichenjeza kuti munthu ukachoka zinthu zili choncho, pobwerera ukhoza kupeza chitseko chotseka. Anasankha kukhala chifukwa cha ife. Koma kumudzi kunali azakhali a Enelesi, achemwali awo aakulu a adadi, amene anadwazika agogo miyezi yonse ija okha, kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi sipuni. Za mapepala iwo sanafune kumva. Chiikireni maliro, adadi akaimba foni, azakhali ankapatsira mwana kuti anene kuti atuluka, pomwe ife tikumva bwinobwino chifuwa chawo chikutsokomola chapafupi pomwepo.

Itakwana nthawi yomanga chiliza, adadi anapempha abale kuti ntchito imeneyo awasiyire iwo. Azakhali anangotumiza mawu kudzera mwa mwana yemweyo kuti achite zimene akufuna. Ngakhale ine mwana ndinadziwa kuti adadi aika mtima wawo wonse pamenepo. Chilizacho chikakoma, mwina achemwali awo adzawayankhulanso. Chikapanda kukoma, basi, chibale chatha.

Ndiye tili kuzungulira mumsika muja, pakati pa ogulitsa uchi ndi ogulitsa zipewa, tinafika pa tebulo la mzungu wina wokalamba, wandevu zachikasu ndi fodya. Ankagulitsa zithunzi zakale, masamba ochotsedwa m'mabuku akalekale, lililonse m'kapulasitiki kake. Anatifotokozera kuti sizinajambulidwe ndi kamera kapena pensulo. Mmisiri ankatenga chitsulo chosalala n'kumazokota ndi kachitsulo kosongoka, mzere umodziumodzi, kenako n'kupaka inki n'kudindapo pepala. Ine ndinayandikiza mphuno kuti ndione ngati sakunama. Abale inu! Thambo lonse linali timizere toonda kuposa tsitsi, ndipo pamene panali mthunzi timizereto tinkapingasana ngati malukidwe a lichero.

Adadi anayamba kutembenuza masambawo mwaulesi, kenako mofatsa. Munali Yerusalemu ali paphiri pake. Munali tchalitchi cha pamanda a Ambuye, anthu aulendo atagwada ndi makandulo m'manja. Munali masitepe amdima otsikira kumanda a Lazaro, ndi mtsinje wa Yorodano anthu akusamba atavala zoyera. Malo onse amene tinkangowamva ku Sande sukulu anali m'bokosi limodzi, pambali pa munthu wogulitsa soseji. Atafika pa tsamba lina anaima. Panali kanyumba kamodzi kokha m'mphepete mwa msewu wafumbi, kamakona anayi, kakhomo kokhota pamwamba, denga lozungulira ngati mbale yovundikira. Pambali pake mtengo umodzi, amuna awiri atakhala pansi, ndi ngamila itagwada. Mzungu uja anati awo ndi manda a Rakele, kufupi ndi Betelehemu, kumene akazi ambiri ankapita kukapemphera.

"Awa ndi manda a mayi," adadi anatero, osati kwa ine, osati kwa mzunguyo. Analigula tsambalo, ndipo musitima yonse analigwira ndi manja awiri pachifuwa.

Kumudzi anali atapeza kale bilidala, a Jumbe, munthu wodziwika kuti sadya simenti ya eni ake ndipo chimene wauzidwa ndi chimene amachita. Adadi anajambula chithunzicho ndi foni n'kuwatumizira. Yankho linabwera loti akungoona utsi. Timizere tija pakafoni kawo tinkangosakanikirana. Apa ndi pomwe amayi anaponya mawu ali kukhitchini: "Nanga Tiyamike ali apayu ntchito yake n'chiyani? Si amatha mapepala onse m'nyumba muno ndi zojambula zakezo?"

Ndisanamizire kudzichepetsa, pa zojambula ndinali katswiri, ndipo ndinkadziwa. Chingerezi cha kuno chinkandipiringiza lilime, masewera a m'madzi ndinkamira, koma pensulo ikakhala m'manja kalasi yonse inkabwera kudzasuzumira paphewa langa. Aphunzitsi athu ankati munthu uzijambula chimene diso likuona, osati chimene mutu ukuganiza, ndipo ine mawu amenewo ndinawameza osatafuna. Adadi nawo anawonjezera awo: "Usasiye kanthu, mwanawe."

Masiku anayi ndikaweruka kusukulu ndinkakhala patebulo lodyera, pepala lalikulu patsogolo, magalasi owerengera a amayi ali pamphuno kuti ndione tinthu tating'ono. Kunkatentha kwa chilimwe cha kuno kuja, mkono unkamatirira papepala, akhwangwala akulira padenga ngati ana otsinidwa. Ndinajambula makoma, khomo, denga lozungulira lija, mtengo, amuna awiri aja, ngamila ndi milomo yake yonyada. Ndipo ndinajambula mng'alu. Pachithunzi chakalecho, mandawo anali okalamba, ndiye mmisiri wozokota uja anaonetsa mng'alu wochokera pamwamba pa denga, kutsika mokhotakhota, n'kugawika patatu pamwamba pa khomo ngati muzu wa chinangwa. Unandivuta kuposa china chilichonse. Ndinafufuta kasanu. Utatheka ndinaunyadira kuposa ngamila.

Adadi ataona pepalalo maso awo anadzaza misozi. Anandigwira pamutu. Munthu amene akulira saona bwino, ndipo mng'aluwo sanauone. Analemba miyeso m'mbali, kuti kanyumbako kachepe kafike m'chifuwa mwa munthu, ndipo m'munsi analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti a Jumbe amange monga zilili papepalapo, osawonjezera, osachotsera. Pepalalo linapita ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ankapita kumudzi mwezi womwewo.

Patapita milungu iwiri a Jumbe anaimba. Adadi anaika foni pokweza mawu, ndipo tonse tinamva munthu waulemu akukonza pakhosi.

"Bwana, pulani ndaiona, ndi yomveka bwino. Koma ndimafuna ndifunse nawo. Ngamilayi tiike waya m'kati, kapena simenti yokha igwira?"

Adadi anaseka mpaka kutsamira khoma. Kanali koyamba kumva kuseka kwawo chichitikireni maliro, ndipo amayi anatuluka kukhitchini ndi mpeni m'manja kudzaona chachitika. Atapuma anayankha kuti ngamila ayi, anthu awiriwo ayi, mtengo adzadzala weniweni. "Zotsalazo zonse mumange, a Jumbe, musasiye ngakhale kamodzi." Paja akuti walira mvula walira matope.

Zimene zinachitika kumandako tinazimva pambuyo pake. Amuna a m'mudzi anathandiza kutuuta njerwa ndi kukanda matope, koma tsiku lomaliza a Jumbe anabweza aliyense, anati ntchito yotsalayo ikufuna mtima umodzi. Anakhala masana onse ndi msomali, pepala langa atalipanikiza ndi mwala, akulemba mng'alu pasimenti yaiwisi. Itauma anapaka laimu chiliza chonse, mumng'alumo n'kudutsitsamo penti yakuda ndi nthenga ya nkhuku. Atakhutira anavundikira ndi nsalu yoyera n'kumanga ndi chingwe, monga mwa mwambo, kuti maso a anthu adikire tsiku lake.

Tsikulo linali Loweruka. Kumudzi inali teni koloko m'mawa, kuno folo madzulo. Kanyumba kathu ka ku Maddington, dera lina la Perth, kanadzaza mpaka pakhomo. Kunabwera mabanja a kutchalitchi, amayi atamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi a kuntchito, ena atangoweruka kosamalira okalamba. Kunabwera ana asukulu a kuyunivesite, amene sankaphonya paliponse pomwe pamveka fungo la mpunga ndi nkhuku. A Tembo, bambo wina wa ku Zambia wodziwa za mawaya, analumikiza foni ku wailesi ya kanema kuti tonse tione. Ana obadwira kuno anakhala pakapeti akudandaula m'Chingerezi kuti zitha liti. Kumudziko msuweni wanga Madalitso ndi amene anagwira foni, ndipo tinkaona mitengo ya kumanda ikugwedera, mipango ya amayi, fumbi lofiira. Anayambitsa nyimbo kumeneko, ife tinalandira kuno, koma mawu ankachedwa m'njira, ndiye ife tikamaliza ndime iwo anali adakali pakati.

Atapemphera, azakhali a Enelesi ndi mkulu wina wa mpingo anamasula chingwe n'kukoka nsalu. Koma inu, chinali chokongola! Choyera mbee pakati pa mitumbira yadothi, denga lake lozungulira bwinobwino, kakhomo kokhota, dzina la agogo pamwamba pake. M'nyumba mwathu amayi ena anayamba nthungululu. Adadi anaimirira atagwira pakamwa. Kenako Madalitso anayandikira, ndipo kumudzi nyimbo inazima ngati wina waithira madzi. Tinamva mawu a mayi mmodzi: "Mayo ine! Manda ang'aluka!"

Anzanga amene munakulira kuno, mwina simudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Kwathu chiliza chatsopano chikang'aluka anthu sanena za simenti. Amati mwini wake wachikana, kapena anthu oipa afikapo. Ngakhale amene amagona ndi kolona m'manja amadziwa zimenezi, ndipo tsiku limenelo aliyense kumandako anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Kenako nkhope ya azakhali inadzaza kanema yense. Kanali koyamba kuyankhula ndi mlongo wawo patatha chaka ndi miyezi, ndipo anayankhula pamaso pa mudzi wonse ndi alendo athu onse.

"Achimwene, mwaona? Amayi akana. Maliro simunabwere, ndiye mumayesa alandira nyumba yanu?"

Chakumbali kunamveka phokoso. Anali a Jumbe, akukankha anthu, pepala langa lili m'mwamba. Ankakuwa kuti si mng'alu weniweni, ndi wa papulani, iwo angotsatira zimene bwana analemba. Ankayesa akuzimitsa moto, osadziwa kuti akuthira palafini. Azakhali analanda pepalalo, analiyang'ana, ndipo mawu awo anatsika, zomwe zinali zoopsa kuposa kukuwa.

"Ndiye kuti munachita kulamula? Mayi anu omwe, kuwamangira manda ong'aluka?"

Adadi anakhala pansi, osati pasofa, pansi penipeni. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinaona kuti azindikira. Kenako anatembenukira kufoni n'kunena kuti, "Kulakwa n'kwanga, achemwali. Ndamva." Dzina langa sanalitchule.

Ine ndinali nditauzindikira mng'aluwo nsalu itangochoka. Nthambi zitatu zija, kukhota kuja, a Jumbe sanaphonye ngakhale pamodzi. Ndikanatha kukhala chete, palibe akanandifunsa, ndipo ndivomere kuti kwa kanthawi ndinayang'ana chitseko cha kubafa. Koma kuona adadi anga, munthu wamkulu wovala tayi, atakhala pakapeti pakati pa ana, zinandipweteka kuposa mantha. Ndinapita kukachotsa chithunzi chakale chija pakhoma, n'kudzagwada patsogolo pa wailesi ya kanema, mawondo onse awiri, monga amayi anandiphunzitsira.

"Iwe mwana, gwadila ku foni," a Tembo ananong'ona mokweza. "Uko sibakuona."

Ndinakwawa ndi mawondo mpaka pakatebulo pamene panali foni. Chichewa changa chinali chitayamba dzimbiri, kunyumba ndinkayankha m'Chingerezi ngati anzanga onse, koma tsiku limenelo chinabwera chokha. Ndinati ndine Tiyamike. Ndinati mng'aluwo ndinajambula ndine, chifukwa unali pachithunzi ichi, ndipo ndinachiyandikiza kufoni ngakhale ndinkadziwa kuti akungoona utsi. Ndinati manda akewo ndi akalekale, ndi a mayi wina wa kumalo oyera, ndipo adadi anawasankha chifukwa ankafuna agogo agone pabwino. Ndinati adadi mng'aluwo sanauone chifukwa ankalira.

"Ankalira?" azakhali anafunsa.

Apa ndiye ndinaulula chimene ndinkadziwa ndekha, chifukwa zenera la chipinda changa linkayang'ana pomwe ankaimika galimoto. Ndinati amalira tsiku lililonse. Akabwera kuntchito amazimitsa galimoto, amatsamira pachiwongolero, amalira, kenako amapukuta nkhope ndi tayi n'kulowa m'nyumba akufunsa za homuweki. Amayi anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Adadi anabisa nkhope m'mawondo.

Tinaona azakhali akutembenuka, akupita pachiliza, akuwerama. Anayendetsa chala mumng'alumo kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuyang'ana chalacho. Anagogoda khoma ndi nkhonya. A Jumbe anali kale pambali pawo, akunena kuti simenti yatsala theka la thumba, akhoza kumata pompano anthu asanadye.

"Ayi," azakhali anatero. "Asakhudze munthu." Anabwerera kufoni, maso ali ofiira. "Achimwene, mng'alu wanuwu ukudikirani. Tsiku limene mudzabwere mudzamate nokha ndi manja anu. Madzi ndidzakutungirani ine."

Alendo ena anayesa ndi chilango, ndipo mayi wina anayamba kupepesa adadi. Koma adadi anamva bwino. Achemwali awo anali atawaitana kumudzi. Anadzuka pansi paja, anapita kukasamba kumaso, ndipo pobwera anadya mbale ziwiri za mpunga.

Mng'aluwo unadikira mvula zitatu. Anthu odutsa ankaloza ndi milomo, nkhani zinayenda, koma azakhali sanasunthike, ndipo foni anayamba kuyankha okha, nthawi zina n'cholinga chongowakalipira adadi kuti akuchedwa. Mapepala atatuluka tinanyamuka tonse. Tinafika kumudzi masana, ndipo m'mawa mwake tinalowa kumanda ndi akuluakulu. Adadi anavula nsapato, anapinda thalauzi, a Jumbe n'kuwapatsa chipande chomangira. Koma adadi ndi munthu wa mabuku, abale. Simenti inkagwera pansi, ina pamapazi, ina m'tsitsi. A Jumbe anaima kumbuyo atapinda manja kumsana, nkhope ili ngati akumwa mankhwala owawa, akuona ntchito yawo yosalala ikupakidwa ngati chikondamoyo. Azakhali anagwada pambali ndi ndowa, akuthira madzi pang'onopang'ono ndi chikho, akulongolola kuti munthu wophunzira chonchi osatha kugwira chipande. Atafika panthambi yachitatu adadi anaika chipande pansi, anatsamiza chipumi pakhomapo n'kuyamba kuitana mayi awo mokweza. Azakhali anasiya kulongolola. Kwa adadi, maliro a mayi awo anachitika tsiku limenelo, ndipo achemwali awo anawakhuza.

Lero ndine munthu wamkulu, ndimajambula mapulani a nyumba mu ofesi ina m'tauni ya Perth, pakompyuta, ndipo pulani isanachoke m'manja mwanga ndimaiyang'ana kawiri ndi maso ouma. Zinthu zinasintha. Masiku ano anzanga akafuna chiliza amangosankha pafoni mwala wakuda wonyezimira, umabwera wosemasema, dzina lolembalemba, ndipo ukalowa kumanda ena umapeza yofanana khumi ili pamzere. Maliro timaonera pafoni tili pa shifiti, chomvera chili m'khutu limodzi, ndipo palibe amadabwa kuti sitinabwere. Zapepuka, sindikukana. Koma nthawi zina ndimachita mantha ndi kupepuka kumeneku, chifukwa palibenso amatikwiyira mpaka kutiitana.

Chaka chatha ndinapitanso ku Dedza ndekha. Chiliza cha agogo chilipo, mtengo umene anadzala wakula mpaka kuchiphimba ndi mthunzi. Chaka chilichonse azakhali amachipaka laimu, koma chigamba cha adadi amachilambalala, chimangokhala chotuwa, chokhakhala, chonyansa kuposa mng'alu umene chinatseka. Tili pomwepo mtsikana wina wokwatiwa kumene m'banjamo anafunsa chifukwa chake sakonza pamenepo. Azakhali, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pakonzedwe chiyani? Pamenepo ndi pomwe anagwira mlongo wanga."